Chovala Sasokera Pathupi

Mumsewu wathu ku Kamuning matelala ndi ambiri kuposa anthu osoketsa, koma ukafunsa wodziwa kusoka terno, diresi lathu la pamwambo, kuti manja ake aime njo ngati mapiko a gulugufe, aliyense amakulozera khomo limodzi, la Aling Meding, ndiye kuti Mayi Meding m'kalankhulidwe ka kuno. Ndagwira nawo ntchito kuyambira ndili ndi mano onse m'kamwa mpaka lero pamene ndikutafunira mbali imodzi. Iwo amadula ndi kusoka, ine Ludy ndimasita ndi kuika mikanda. Ndimawaitana kuti Ate, ndiye kuti achemwali, ngakhale sitinayamwe bere limodzi, ndipo ndimakangana nawo ngati mkulu wanga weniweni.

Anabadwira ku Lumban, kumene mwana wamkazi amagwira singano asanadziwe kupesa tsitsi lake. Mayi awo ankasokera akwati, ankavekanso maliro, ndipo Meding anakulira pa ntchito ziwiri zonsezo. Munthu womwalira savala monga tivalira ife. Chovala amachidula kumsana, n'kumuveka chakutsogolo, kenako n'kusoka msanawo chili pathupi. Pamenepo ndi pamene panachokera lamulo limene mayi awo anawasiyira, ndipo analigwira kuposa malamulo khumi a kutchalitchi: chovala sasokera pathupi pa munthu wamoyo. Ukamusokera munthu ali chivalire, ankatero, wamuitanira bokosi.

Mwambo umenewu ambiri kuno amaudziwa, ndipo ambiri amangouseka akakhala pachangu. Aling Meding sankaseka. Ndinaonapo khansala wa dera lathu ataima kuseri kwa katani ndi kabudula wamkati yekha, timiyendo ngati ta nkhuku, chifukwa cha batani limodzi la thalauzi. Ndinaonapo mkwatibwi akuvula diresi lonse m'kachipinda ka ansembe, mwamuna thukuta lili kamukamu kuguwa, chifukwa cha kamsoko ka m'khwapa.

"Ate, nanga mapini mumabaya anthu poyesa aja si chimodzimodzi?" ndinkawaputa dala.

"Pini amazula. Ulusi umamanga. Sita nsaluyo, usandiphunzitse ntchito."

Amuna awo, Mang Carding, ankayendetsa jipi yonyamula anthu, ndipo anamwalira msanga osawasiyira mwana. Mwana anabwera njira ina. Pakona panali mayi wogulitsa phala la mpunga amene anapempha Aling Meding kuti akamugwirire khanda lake pa ubatizo. Khandalo linali Luisa, ife tinkati Ising. Mayi uja atapeza ntchito ya m'nyumba ku Hong Kong anasiya mwanayo kwa Ninang wake, ndiye kuti mayi wake wa ubatizo uja, kwa chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho sichinathe mpaka Ising anatha msinkhu. Anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu, kuveka zidole ndi zidutswa, kugona ndi phokoso la makina. Chilichonse chimene anavala, kuyambira yunifolomu ya sukulu mpaka diresi la mgonero woyamba, chinatuluka m'manja mwa Ninang wake.

Chaka china Ising anasankhidwa kukhala mfumukazi pa mdipiti wa maluwa wa mwezi wa Meyi. Diresi limene Aling Meding anamusokera linatulutsa anthu m'nyumba mpunga uli pamoto. Pakati pa oonerera panali bambo wina wa kampani yopanga mafilimu. Pasanathe zaka zambiri Ising wathu, uja ankapukuta mamina ndi zidutswa za silika, anasanduka Luisa Ventura, nkhope yake ili pa zikwangwani za sopo ndi kumbuyo kwa mabasi.

Sindinganame kuti anatiiwala. Khirisimasi iliyonse kunkabwera mwendo wa nkhumba ndi dengu la zipatso, ndipo maso a Ninang wake atachita ng'ala ndi iyeyo anawapititsa kwa dokotala wabwino. Koma chovala sanasoketsenso kwathu. Anthu otchuka sadzisankhira zovala. Amakhala ndi munthu wowasankhira, ndipo wa Ising anali Dindo, mwamuna wonunkhira mafuta, wolankhula ndi manja, amene foni sinkamuchoka kukhutu.

Tsiku lopereka mphoto za mafilimu linali tchuthi chathu. Tinkatseka shopu dzuwa likadali pamwamba, kuika wailesi yakanema pa tebulo lodulira, n'kukhala ndi mbale ya pansit, chakudya chonga supageti, kudikira kapeti yofiira. Za mphotozo Aling Meding analibe nazo ntchito. Iwo ankakhalira kuweruza misoko.

"Uyo wavala katani wa m'hotela."

"Ate, n'zodula zimenezo."

"Nanga katani wa m'hotela ndi wotchipa? Taona winayo, telala wake nsalu inamuthera panjira. Akangoyetsemula tiona zonse."

Koma akangotulukira Ising, pakamwa pankatsekeka. Ankasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Mtolankhani ankamufunsa funso limene amafunsa aliyense pa kapetipo, lakuti "Wakusokerani ndani?" ndipo Ising ankatchula mayina a osoka a ku Makati, dera la olemera, chaka china la ku Paris limene lilime langa limalikana. Aling Meding ankangoti, "M'chiuno mwakoka pang'ono," n'kunyamuka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Zinkandipweteka, ndipo ine pakamwa sindimanga.

"Ate, mumuuze. Mwana munkamusintha matewera nokha, mukumuopa chiyani?"

"Telala sapempha munthu kuti ndikusokere. Akadzafuna, khomo akulidziwa."

Khomolo Ising analikumbukira atadutsa zaka makumi anayi zakubadwa, pamene m'mafilimu anali atayamba kumupatsa mbali ya mayi wa mtsikana m'malo mwa mtsikanayo. M'mawa wina galimoto inaima panja, iye n'kulowa yekha, magalasi akuda ali kumaso. Anatenga dzanja la Ninang wake n'kuligunditsa pachipumi pake monga mwa ulemu wa kuno, anakhala pa kampando kake kakale, n'kuyamba kudya pandesal wanga, buledi wa m'mawa, osapempha.

"Aling Ludy, mukadali moyo? Ndimayesa simbi inakumalizani kalekale."

"Ndikudikira ukalambe iwe ndiyambe ndakuseka."

Anaseka, kenako anavula magalasi aja. Anatiuza kuti chaka chimenecho, koyamba m'moyo wake, anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya mkazi wosewera bwino koposa.

"Ninang, ndikufuna terno. Yosoka inu. Akandifunsa pa kapeti paja ndidzati Remedios Paraiso wa ku Kamuning, azifunsana okha kuti ameneyo amakhala mbali iti ya Paris."

Limenelo ndilo dzina lonse la Aling Meding. Iwo anangotenga tepi yoyezera n'kunena kuti, "Imirira bwino, usapinde msana ngati nsomba youma." Koma ine ndinakondwa mpaka ndinapsereza kolala ya munthu.

Tsiku lomwelo anatsegula sutikesi imene inkakhala pansi pa bedi lawo. Munali nsalu ya ulusi wa masamba a chinanazi, yopyapyala moti ukaika dzanja kuseri umaona mizere ya m'chikhatho. Timaluwa ta sampaguita timene tinali pamenepo anapeta ndi mayi awo, kuti idzakhale ya mdzukulu wawo wamkazi. Mdzukuluyo sanabadwe, ndipo nsalu inakhala m'sutikesimo zaka zonsezo ikununkha mankhwala a njenjete. Anaichapa okha, kuiyanika pamthunzi, ndipo ine anandiletsa kuiyandikira ndi simbi mpaka ndinalumbira pa dzina la malemu mayi anga.

Anasoka miyezi ingapo, ntchito zina zonse akukana. Manja okhawo anawapasula kangapo, chifukwa manja a terno akapanda kukhala bwino paphewa amagwa ngati makutu a galu. Ising anabwera kudzayesa kamodzi, ndipo inamukhala ngati anabadwa nayo. Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Aling Meding anati adzabwerenso tsiku likayandikira, poti thupi la munthu si mtengo, limasintha. Sanabwere. Tikaimba foni Dindo ankati ali kutali kumene akujambula filimu, mawa lake ankati watopa. Aling Meding ankang'ung'udza, koma mumtima anali atayamba kale kuyenda pa kapeti paja.

Tsiku litakwana anatitumizira galimoto masana. Aling Meding anavala diresi lawo la kutchalitchi, ndipo terno anaifungatira pamiyendo njira yonse ngati mwana wodwala. Chipinda cha Ising chinali m'hotela yoyandikana ndi holo ya mwambowo. Munali anthu okonza tsitsi, opaka nkhope, nsapato mbwee pansi, ndi Dindo pakati akulamula onse.

Ising atadzuka pampando ndinadzidzimuka. Anali ataonda, mafupa a pakhosi ali poyera. Ine ndinangoti ndi misala yawo ya anthu a m'mafilimu, yodya tsamba limodzi la letesi n'kumati akhuta.

"Iwe, kodi mpunga anauletsa kwanuko?"

"Kamera imanenepetsa, Aling Ludy," anatero akumwetulira.

Tinamuveka. Kumsana kunali timabatani tambirimbiri tokutidwa ndi nsalu, ndipo tinatenga nthawi kuti titimange tonse. Titamaliza, tonse tinaona vuto. Terno inali italendewera. M'chiuno munali malo olowa nkhonya, phewa linkatsetsereka, ndipo manja aja, amene Aling Meding anavutika nawo miyezi yonse ija, anali atagwera m'mbali.

Dindo sanatekeseke. Zoterezi anaziona kambiri.

"Palibe vuto. Aling Meding, ingopanani m'mbalimu ndi paphewa, musoke ali chiimire. Theka la akazi amene atsike pa kapeti lero awasokera ali chivalire, pobwerako amawavula ndi lumo."

"Avule," anatero Aling Meding. "Ndisokera pabedi apa."

"Avule? Mayi, mabatani okhawa atidyera nthawi yonse. Galimoto ili pakhomo. Mwambo ukangoyamba makamera amalowa mkati, kapeti amaipinda. Sadikira munthu."

"Ndiye tiike mapini," ndinatero ine.

"Pa nsalu iyi?" Aling Meding anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Aoneka onse, ndipo akangokweza dzanja ing'ambika."

Pamenepo analondola, ndipo Dindo naye analondola, ndiye chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Panalibe woipa m'chipindamo woti ndimulalatire. Ine sindikanatha kusoka. Manja anga ndi a simbi ndi mikanda, nsalu ya chinanazi ikangoona singano yanga imang'ambika yokha. Dindo anati aitane telala wina wa m'chipinda choyandikana, koma Ising anapukusa mutu.

"Ngati si Ninang, wina asaikhudze." Anatembenuka n'kuwagwira manja onse awiri. "Ninang, chonde. Kamodzi kokha. Ndakupemphanipo chiyani china?"

"Mwana wanga, ukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma singano yanu palibe chimene ingandichite ine. Ndikhulupirireni. Sokani."

"Ate," ndinalowerera, "khansala uja munamuvula thalauzi anamwalirabe. Sokani, tione dzina lanu pa kanema tisanafe."

Anatenga singano. Ndinaona ndi maso angawa. Analowetsa ulusi, anapita kumbuyo kwa Ising, n'kutsina nsalu ya m'chiuno ndi zala ziwiri. Dzanja lina analiika pamsana pa mwanayo, ndipo ndikhulupirira kuti pamenepo anamva mafupa. Anaima choncho, singano ili m'mwamba. Kenako anaibaya pa kapilo ka mapini kamene amamanga padzanja.

"Sindingakusokere ngati maliro. Pepa. Vula, ndifulumira."

Ising anatseka maso kwa kanthawi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Aling Ludy, ndimasuleni."

Aling Meding anakhala pabedi n'kuyamba kupasula msoko, manja akuthamanga kuposa mmene ndinawaonerapo. Koma Dindo ndi munthu wa ntchito yake, sayenda ndi chovala chimodzi. Anatulutsa diresi lobiriwira lobwereka kwa wosoka wina wa kunja, la zingwe kumsana zimene umangokoka mpaka likwane. Posakhalitsa Ising anali atavala. Anawerama, anatenga dzanja la Ninang wake, singano ili pomwepo, n'kuligunditsa pachipumi.

"Dikira pang'ono, ndatsala mbali imodzi," anatero Aling Meding osadzutsa mutu.

"Malizani, Ninang. Ndidzaivala."

Tinatsala awiri m'chipinda chachikulucho, kanema akulankhula yekha pakhoma. Aling Meding analuma ulusi womaliza nthawi yomweyo imene Ising anaponda pa kapeti yofiira. Anayenda pang'onopang'ono, makamera akung'anima, anthu akukuwa dzina lake. Mtolankhani anamuikira chimkuzamawu pakamwa n'kufunsa funso lake lija. Chovala chobwereka umatchula mwini wake, ndiye pangano lake, ndipo Ising anatchula dzina la kunjalo.

Ndinadikira kuti Aling Meding anene kuti m'chiuno mwakoka. Sananene kanthu. Terno inali pamiyendo pawo, manja ake ataima njo.

Mphoto anatenga wina. Pobwerera m'galimoto ndinawalalatira njira yonse, ndinawatcha nkhutukumve, ndinati ayika mayi awo a kumanda patsogolo pa mwana wamoyo. Anangondimvera. Titafika anapachika terno ija kuseri kwa makina, n'kuikuta ndi nsalu yoyera.

"Kuli chaka chamawa," anatero. "Ali moyo, ndiye chachikulu. Adzabwera kudzayesa bwinobwino, ndidzamudyetsa mpunga ndekha."

Ankakhulupiriradi kuti amupulumutsa. Miyezi yotsatira ankavundukula nsalu yoyera ija kawirikawiri, kuyang'ana ngati njenjete zalowa, kuwongola manja. Ising ankaimba foni mwa apo ndi apo, mawu ali otsika, akuti akupuma kaye pa ntchito. Ndipo ine ndinayamba kukhulupirira nawo za chaka chamawazo.

Mvula isanathe, m'mawa wina, analowa Dindo. Analibe foni m'manja, ndipo sindinamve fungo la mafuta ake. Anaima pakhomo ngati munthu wosochera, kenako anakhala pa kampando ka Ising.

Anatiuza zonse. Ising anali ndi khansa ya m'mimba. Madokotala anamuuza asanabwere n'komwe kudzasoketsa terno, ndipo anabwera chifukwa cha zimenezo. Masiku onse aja ankati akujambula filimu kutali anali m'chipatala. Analetsa aliyense kuuza Ninang wake, akuti akadziwa manja adzanjenjemera, msoko udzakhota. Anali atamwalira mbandakucha wa tsiku limenelo. Ndipo anasiya mawu kwa Dindo akuti amuveke terno ija, ndipo womuveka akhale Ninang.

Aling Meding sanalire pomwepo. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Tsiku lija m'hotela, ankadziwa kuti kulibe chaka chamawa?"

Dindo anagwedeza mutu kuvomera.

Anadzuka, anatsitsa terno, anatenga lumo lawo lalikulu ndi ulusi. Ndinapita nawo ku nyumba yokonzera maliro. Timabatani tija sanatimasule. Anadula msana wonse ndi dzanja lawo, nsalu ya mayi awo ikulira pansi pa lumo. Tinamuveka chakutsogolo, tinamutembenuza pang'ono, ine nditamugwira phewa, ndipo anasoka chili pathupi monga anaphunzirira ku Lumban. Inali itakulanso, moti anapana m'mbali ndi paphewa, malo omwe aja Dindo analoza tsiku lija. Ntchito yonse sinatenge nthawi yoti madzi a khofi awire.

Ataluma ulusi ndi pamene analankhula, osati kwa ine.

"Taona kufulumira kwake. Ukanayenda nayo pamaso pa anthu onse aja, ukanaona wekha mmene ikukukhalira. Ndinakukaniza, mwana wanga. Ndikanangosoka."

Apo analira, ine n'kulira nawo, ndipo mawu onse amene ndinawalalatira m'galimoto muja ndinalakalaka nditawameza.

Ku maliro kunabwera onse a m'mafilimu, ovala zoyera ndi zakuda, magalasi kumaso, ojambula ali pakhomo ngati pa kapeti pomwe. Ankayang'ana m'bokosi n'kumanong'onezana za terno. Mtolankhani wina anafunsa Dindo kuti wasoka ndani, iye n'kuloza pakona pamene tinakhala. Dzina la Remedios Paraiso wa ku Kamuning linatuluka m'nyuzipepala mawa lake. Anthu a mumsewu wathu anabwera nayo akuthamanga, koma Aling Meding anakana kuiona.

Aling Meding akusokabe mpaka lero, ngakhale maso ayambanso kuvuta. Tsiku la mphoto sititsekanso shopu, ndipo wailesi yakanema ija anaipereka kwa mlonda wa pamsika. Sabata yatha kunalowa mphunzitsi wina wa mumsewu mwathu, ali wefuwefu, mpendero wa siketi utamasuka, akuchedwa ku mwambo wa kusukulu kwawo. Amawadziwa Aling Meding kuyambira kale, choncho anangolunjika kuseri kwa katani akumasula zipi.

"Usavule," anatero Aling Meding. "Ima pomwepo, uchedwa."

Anagwada pansi movutikira, n'kuyamba kusoka mpenderowo uli pathupi. Ine ndinangoti kakasi, simbi ili m'manja.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero osatembenuka. "Ukupsereza malaya a eni ake."